Buku Loyenda M'manja: Mbiri ya Makomiki ndi Manga

M'phunziro lathu la mbiri lero tidzakamba za mabuku osimba nkhani ndi zithunzi, amene ana a mu Lusaka amawacha makomiki, ndiponso za mtundu wina wa mabukuwa wocokera ku dziko la Japan, wochedwa manga. Ena mwa inu aphunzitsi mudzadabwa kuti nkhani yotere yalowa bwanji m'phunziro la mbiri, popeza buku lotere likagwidwa m'kalasi kawirikawiri limakathera m'kabati ya mphunzitsi. Komatu mbiri si ya mafumu ndi nkhondo zokha. Njira imene buku limafikira m'manja mwa mwana wopanda ndalama nayonso ili ndi mbiri yake, ndipo njira imeneyo ndiyo tifuna kuilondola.

Tiyambire pa Kabwata. Mzinda wa Lusaka unakhala likulu la dziko lino m'caka ca 1935. Boma la atsamunda linaugawa mzindawu monga mwa khungu la anthu. Azungu anapatsidwa malo a nyumba zazikulu ndi mabwalo otakasuka, ndipo m'kupita kwa zaka malo otere anafika ku Woodlands ndi Kabulonga. Anchito acikuda anamangiridwa tinyumba tozungulira, tofolera ndi udzu, ku Kabwata. Tinyumba tambiri tinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanjikizana, koma tokwanira 43 tinasungidwa m'caka ca 1974. Ndito timene mumationa pa Kabwata Cultural Village mu msewu wa Burma, pamene amisiri amasema ziboliboli.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, masukulu anaculuka mofulumira, ndipo kuyambira mu 1966 lamulo linati ana aziphunzira m'Cingerezi kuyambira Giredi 1. Motero m'makomboni monga Kabwata, Kamwala ndi Cilenje munakula mbadwo wa ana odziwa kuwerenga, koma m'nyumba zambiri munalibe coti awerenge, kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo. Mwana wotere akapeza buku limene zithunzi zake zikumuuza theka la nkhani, liu lacilendo silinali kumuopsanso. Anali kuona munthu akuthamanga, naona liu lolembedwa pambali pake, nalimva tanthauzo popanda womuuza.

Mabuku oyamba a mtundu umenewu anali ocokera kunja. Masitolo a mu Cairo Road, monga Kingstons, anali kugulitsa makomiki a ku Britain. The Dandy inayamba kusindikizidwa kumeneko mu 1937 ndipo The Beano mu 1938. Nthabwala zake zinali za ana a kwao, a cisanu ndi cipale cofewa cimene ana a kuno sanacionepo, komabe zinali kuseketsa. Pakati pa 1968 ndi 1972 kampani ya Drum inatulutsa magazini ya African Film, yosimba za munthu wofufuza milandu dzina lake Lance Spearman, amene anyamata anali kungomucha Spear, ndi mdani wake Rabon Zollo. Iyi sinali yojambula ndi dzanja, koma ya zithunzi za kamera zokhala ndi mau pambali, ndipo inawanda m'maiko ambiri a mu Afirika olankhula Cingerezi. Cimene cinakopa owerenga n'cakuti ngwazi yake inali munthu wakuda, wovala suti ndi cipewa, wosagonjera munthu aliyense.

Kenaka mu 1971 Unduna wa Maphunziro unayamba kutulutsa magazini ya Orbit, yolembedwera acinyamata a mu Zambia. Munali za sayansi, mbiri, mafunso oyesa nzeru, makalata a owerenga, ndiponso nkhani za m'zithunzi zimene anthu ake anali ndi maina a kwathu kuno. Taonani, aphunzitsi, kuti boma lenilenilo linaona kuti zithunzi si mdani wa maphunziro.

Zinthu zinasintha pamene mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo dziko likasowa ndalama zogulira mankhwala ndi zitsulo za makina, mabuku a ana amakhala kumapeto kwa mzere. Makomiki atsopano anacepa m'masitolo. Pamenepo buku limodzi linayamba kuyenda ulendo wautali. Ena mwa mabukuwa anali kubwera ndi makolo ogwira nchito m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands, eni nyumba atawataya kapena atawasiya pobwerera kwao ku Ulaya. Ena anali kugulidwa kwa ogulitsa mabuku akale pa makonde a masitolo m'tauni, malonda amene akalipo mpaka lero. Akuluakulu amene anakulira m'makomboni m'zaka zimenezo amasimba kuti kusinthana kunali ndi malamulo ake osalembedwa. Buku lokhala ndi cikuto cake linali kuposa long'ambika, mwina kusinthidwa ndi awiri. Lopanda tsamba lomaliza linali ngati ndiwo zopanda mcere, ndipo mwana wobisa cilema cotere posinthana anali kutaya mbiri yake m'komboni monse. Wobwereka n'kusabweza, anzake anali kumudziwa msanga. Mwa njira imeneyi mwana wokhala ndi mabuku atatu cabe anali kuwerenga makumi angapo pa caka. Kunalibe woyang'anira, kunalibe kaundula, koma imeneyo inali laibulale ndithu.

Tsopano tiwoloke nyanja tipite ku Japan, pakuti ana a kumeneko anadutsa m'njira yofanana ndi imeneyi zaka zingapo ife tisanaidutse.

Anthu a ku Japan anayamba kalekale kusimba nkhani ndi zithunzi. Kacisi wa Kozan-ji ku Kyoto ali ndi mipukutu yochedwa Choju-giga, yojambulidwa zaka pafupifupi 800 zapitazo, yoonetsa akalulu, acule ndi anyani akusambira ndi kugwetsana monga anthu. Kalulu wathu wa m'nthano uja ali ndi abale ake kutali! Akatswiri sagwirizana ngati manga a lero anacokeradi pamenepo. Liu lakuti manga linachuka ndi mabuku a zojambula a Katsushika Hokusai, amene anayamba kutuluka mu 1814. M'zaka za m'ma 1930 munabuka anthu oyenda pa njinga ndi kabokosi kamatabwa, amene anali kuonetsa ana zithunzi cimodzi-cimodzi uku akusimba nkhani. Luso limeneli amalicha kamishibai. Wosimbayo anali kupeza ndalama pogulitsa maswiti, ndipo nkhani anali kuidula pamene yafika pokoma kuti ana abwerenso mawa. Cizolowezi codula nkhani pokoma manga sanacileke mpaka lero.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, Japan linali dziko losauka, mizinda yake itapsa. Mu 1947 mnyamata wa zaka 18, Osamu Tezuka, amene anali kuphunzira za udokotala, anajambula buku lochedwa Shin Takarajima, limene zithunzi zake zinali kuyenda ngati za kanema, cina capafupi, cina capatali. Mu 1950 anayamba nkhani ya mkango woyera wa mu Afirika, ndipo mu 1952 ya kamwana ka makina kamene m'Cingerezi kamachedwa Astro Boy. Koma ana ambiri analibe ndalama zogulira mabuku. Cotero m'zaka za m'ma 1950 munaculuka timasitolo tobwereketsa mabuku, tochedwa kashihon-ya, tokwana zikwizikwi m'dziko lonselo. Mwana anali kulipira kandalama kocepa, n'kutenga buku, n'kulibweza mawa lake. Ojambula ena amene anadzachuka pambuyo pake anakulira m'malonda amenewa. Mmodzi wa iwo ndi Shigeru Mizuki, amene anataya dzanja lamanzere ku nkhondo, nagwira nchito yojambula za kamishibai ndi za mabuku obwereketsa ndi dzanja limodzi lotsalalo.

Cuma ca Japan citakwera, timasitoloto tinacepa. Mu 1959 munayamba magazini a manga otuluka mlungu uliwonse, ndipo mu 1968 kampani ya Shueisha inayambitsa Shonen Jump. Pofika mu 1995 magaziniyi inafika pa makope 6,530,000 pa mlungu umodzi, ndiko kuti kuposa kawiri ciwerengero ca anthu onse a m'cigawo ca Lusaka monga anawerengedwa mu 2022. Magazini otere ndi ocindikala, a pepala lochipa, ndipo ambiri akawerengedwa amatayidwa. Nkhani imene owerenga aikonda imasindikizidwanso m'timabuku ta pepala labwino, tochedwa tankobon, tokhala ndi manambala. Apa ndi pamene kusonkhanitsa kumayambira, pakuti munthu wokhala ndi buku 1, 2 ndi 4 sagona tulo mpaka atapeza la 3. Nkhani ya Naruto, yojambulidwa ndi Masashi Kishimoto kuyambira 1999 mpaka 2014, ili ndi mabuku 72. Ya One Piece, imene Eiichiro Oda anaiyamba mu 1997, inafika pa buku la 100 mu 2021. Kuti osonkhanitsa apeze zosowa zao, kunabuka masitolo ogula ndi kugulitsa mabuku akale, monga Mandarake, yoyamba ku Tokyo mu 1980, ndi Book Off, yoyamba mu 1990.

Kuno ku Lusaka manga anafika cobwerera kumbuyo. Ana anayamba kuona nkhanizi zikuyenda pa wailesi yakanema ndi pa ma DVD ogulidwa m'misika, monga Dragon Ball ya Akira Toriyama ndi Naruto yemwe uja, ndipo pambuyo pake m'pamene anadziwa kuti zinacokera m'mabuku. Mabukuwo ndi ocokera kunja, otembenuzidwa m'Cingerezi, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Ndi banja liti la ku Kabwata kapena ku Chelstone limene lingagulire mwana mabuku 72 a nkhani imodzi?

Yankho la masiku ano ndi kuwerengera pa makina. Mu 2004 kampani ya Sony inatulutsa ku Japan kacipangizo kowerengera mabuku kochedwa Librie, ndipo mu 2007 kampani ya Amazon inatulutsa Kindle. Galasi la tizipangizo totere limaoneka ngati pepala, silitopetsa maso, ndipo batire lake limakhala milungu ingapo, cinthu cimene aliyense wokumbukira kuzima kwa magetsi kwa mu 2024 adzaciyamikira. Popeza manga ambiri alibe mitundu, ali akuda ndi oyera cabe, amaoneka bwino pamenepo. Ku Japan, m'caka ca 2017 ndalama zogulira manga a pa makina zinaposa kwa nthawi yoyamba zogulira timabuku ta pepala tija. Kwathu kuno tizipangizoti ndi tocepa. Ambiri amawerengera pa foni. Kuyambira mu 2019 kampani ya Shueisha ili ndi Manga Plus, pamene mitu yoyamba ndi yatsopano ya nkhani zambiri imawerengedwa kwaulere pa intaneti, tsiku lomwelo limene yatuluka ku Tokyo. Mwana wa mu 1978 sakanakhulupirira zimenezi.

Komabe pali cimene catayika, ndipo ine ndiona kuti si cacing'ono. Buku la pa makina simungalisinthanitse ndi mnzanu monga la pepala, ndipo simungaligulitse mukalimaliza. Kawirikawiri cimene mwagula ndi cilolezo cowerengera, osati buku lenilenilo. Mu 2009 kampani ya Amazon inafafaniza mabuku awiri a George Orwell, Animal Farm ndi 1984, m'tizipangizo ta anthu amene anali atawagula kale, cifukwa wowagulitsayo analibe cilolezo. Ndalama zinabwezedwa, koma anthu anadzidzimuka. Mu 2013 sitolo ya pa intaneti yochedwa JManga inatsekedwa, ndipo manga amene anthu anagula kumeneko sanathenso kuwerengedwa. Ena amathawira ku malo a pa intaneti oika mabuku akuba, kumene wojambula salandira ngakhale ngwee imodzi. Malo amodzi otere, a Mangamura, anatsekedwa mu 2018 ndipo mwini wake anaweruzidwa kukhala m'ndende mu 2021. Cacikulu koposa n'ici: kale mwana wosaukitsitsa anali kulowa m'gulu la owerenga ndi buku limodzi long'ambika. Lero khomo lolowera ndi foni ndi ndalama za intaneti, ndipo foniyo nthawi zambiri imacoka m'mawa ndi amai kapena atate kupita ku nchito.

Aphunzitsi, mukagwira buku lotere m'kalasi, yambani mwalitsegula. Kumbukirani kuti manga amawerengedwa kuyambira kumene ife timati kumapeto, ndipo tsamba lililonse kucokera kumanja kupita kumanzere. Si manga onse ali a ana. Ochedwa shonen amalembedwera anyamata, shojo atsikana, pamene seinen ndi a akuluakulu, ndipo ena mwa amenewa sayenera konse kupezeka pa sukulu ya pulaimale. Alipo ena olemera ndithu, monga Barefoot Gen ya Keiji Nakazawa, yoyamba mu 1973, imene mlembi wake anapulumuka bomba la ku Hiroshima ali mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi. Bokosi limodzi kumbuyo kwa kalasi, mmene mwana amaikamo buku lake n'kutengamo lina, lingathe kubwezera ana athu cimene makolo ao anali naco. Masukulu a kufupi ndi Kamwala akumbukirenso kuti bungwe la Lubuto linatsegula laibulale yake yoyamba ya ana kumeneko mu 2007. Ndipo mwana amene amajambula kumbuyo kwa buku la masamu muuzeni za Malenga Mulendema, mai wa kuno kwathu amene nkhani yake ya Supa Team 4, ya atsikana anai a mu Lusaka wa m'tsogolo, inaonetsedwa pa Netflix mu 2023.

Inu ana, nchito yanu ya mlungu uno ndi iyi. Funsani agogo, amalume kapena azakhali amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kuti anali kuwerenga ciani, anali kuzipeza kuti, ndipo anali kusinthana ndi yani. Lembani maina a mabukuwo. Wina akakutulutsirani Orbit yakale m'sutikesi, lembani caka cake ndi mtengo wolembedwa pa cikuto, ndipo pemphani cilolezo musanaitenge kupita nayo ku sukulu. Igwireni ndi manja ouma, musaipinde, ndipo pobweza muikulunge m'pepala, muiike pamalo okwera pamene ciswe ndi cinyontho sizifika.