MBIRI YA DZALA NDI MPWEYA WACE

 Lero tikambe za dzala, ndi m'mene anthu a maiko ena anaphunzirira kusamala zinyalala zao.

Zinyalala zikaunjikana ndi kuolera pansi posalowa mphepo, zimaturutsa mpweya wochedwa methane. Mpweya umenewu suoneka ndi maso, koma umayaka moto, ndipo ukakwera kumwamba umasunga kutentha kwa dzuwa. Pa zaka 100 mphamvu yace yotenthetsa dziko iposa ya mpweya wa carbon dioxide pafupifupi ka 28. Kutentha kumeneku ndiko kumasokoneza mvula imene inu mumadalira.

Tiyambe ndi ku India. Pakati pa 1924 ndi 1931, katswiri wa zaulimi Albert Howard, pamodzi ndi Yeshwant Wad, anagwira nchito ku Indore. Iwo anali kusanjika mapesi, masamba, ndowe, mkodzo wa ng'ombe ndi phulusa, kuthirira madzi, ndi kutembenuza muluwo kuti mphepo ilowe. Patapita miyezi itatu anali kupeza manyowa abwino. Cimene iwo anafuna ndi conde m'nthaka. Koma tsopano tidziwa kuti mulu wotembenuzidwa cotere uturutsa methane wocepa.

Mizinda yaikuru inatsata njira yina. M'caka ca 1937 mzinda wa Fresno ku Amereka unayamba kukumba ngalande, kutsindira zinyalala m'menemo, ndi kufotsera dothi tsiku ndi tsiku. Nchenche ndi makoswe zinacepa, ndipo mizinda yambiri inatengera. Koma pansi pa dothilo methane anali kuwirira. M'mwezi wa March 1986, pa mudzi wa Loscoe ku Mangalande, mpweya wocokera ku dzala unayenda pansi pa nthaka, nulowa m'nyumba yina, nuphulika. Nyumbayo inagwa ndipo eni ace anapweteka.

Anthu anapeza mankhwala awiri. Oyamba ndiwo kugwira mpweyawo. M'caka ca 1975, pa dzala la Palos Verdes ku California, anali atayamba kale kuukoka ndi mipope ndi kuugulitsa. Ku Africa kuno, pakati pa 2006 ndi 2010, mzinda wa Durban unaika makina pa madzala a Mariannhill ndi Bisasar Road otentha mpweyawu ndi kupanga magetsi. Mankhwala aciwiri ndiwo kusafotsera konse zinthu zoola. M'caka ca 1999 maiko a ku Ulaya anapangana lamulo lakuti zinyalala zoola zopita ku dzala zicepe, ndipo zambiri anayamba kupangira manyowa. Motero mizinda inabwerera ku nzeru ya ku Indore ija.

Makina a ku Durban afuna ndarama zambiri, koma njira ya manyowa ifuna khasu, madzi ndi khama basi. Cifukwa cace, inu alimi, musatenthe mapesi kapena kutaya makoko ndi madeya m'dzenje lodikha madzi. Patulani mapulasitiki ndi mabotolo, zoola muunjike pa mthunzi, ndipo muzitembenuza. Inunso mafumu, pa msonkhano wa m'mudzi kambani za nkhaniyi, ndipo mulu woyamba uoneke pakhomo panu, pakuti anthu atsata cimene aona kwa mfumu yao.