Bwalo la Ndege la pa Madzi ku Cape Maclear

Mtsinje wa Bwanje, pocokera m'dziko la Ncheu, umathira madzi ace m'nyanja ya Malawi. Kum'mawa kwa mathiriro acewo kuli ndomo ya Nankumba, ndipo ku nsonga yace kuli mudzi wa Chembe, malo amene David Livingstone anawacha Cape Maclear m'caka ca 1861. Pamenepa ndi pamene Amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, koma malungo anawasautsa kufikira anasamukira ku Bandawe mu 1881. Patapita zaka zambiri malo omwewo anabukanso, tsono cifukwa ca ndege.

Itatha Nkhondo Yaciwiri, mabwalo olimba otha kulandira ndege zazikulu anali owerengeka m'Africa, koma nyanja ndi mitsinje zinalipo kale. Cifukwa cace kampani ya ku Mangalande yochedwa BOAC inayendetsa ndege za mtundu wa Solent, zimene mimba yace inali yonga ya ngalawa, kuti zizitera pa madzi. Iri yonse inali ndi mainjini anai, ninyamula anthu opitirira 30. Zinanyamuka ku Southampton, nizitera pa mtsinje wa Nile ku Khartoum ndi pa nyanja ya Victoria ku Port Bell, kufikira ku Vaal Dam, kumwera kwa Johannesburg. Zinauluka usana wokha. Usiku aulendo anagona m'mahotela a m'njira.

Mu November 1949 ndege zimenezi zinayamba kutera pa Cape Maclear, popeza zisumbu za pamenepo zimachinga mphepo, ndipo madzi ace amakhala bata. Hotela yabwino inali itamangidwa pa gombe, ndipo maboti ndiwo anatenga alendo kucokera ku ndege kunka nao ku mtunda. Okwerawo anali Azungu a Boma, amalonda ndi ofuna kuona dziko. Eni dziko analibe gawo pa ulendowo, pakuti masiku omwewo njala yaikuru ya 1949 inali itagwira midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kumwera, ndipo cimene anthu anafunafuna cinali cimanga.

Bwalolo silinakhalitse. Mu November 1950 BOAC inaleka ndege za pa madzi, niika m'malo mwace za mtundu wa Hermes, zotera pa mtunda, zimene zinali zaliwiro ndi zosadya ndalama zambiri. Ndiponso Cape Maclear anali kutari ndi Blantyre ndi Zomba, kumene okwera ndege anali kukhala, ndipo mseu wace unali woipa, makamaka pa dzinja. Hotela ija inatsekedwa, ndipo zipangizo zace zinatengedwa kunka ku Senga Bay, pafupi ndi Salima, kumene njanji inafika kale mu 1935. Nchito ya maulendo a ndege inatsala ndi Chileka, kufikira bwalo lalikuru la Kamuzu linatsegulidwa ku Lumbadzi mu 1983.

Mphunzitsi wofotokoza mbiriyi kwa ana aziwafunsa cimene cimasunga bwalo la ndege. Madzi abata ndi gombe lokongola zinalipo pa Cape Maclear, koma panalibe mudzi waukuru, njanji, kapena mseu wodzera anthu. Mutu umodzi susenza denga: ndege payokha siingasunge malo amene njira zina sizifikako.