Cifukwa cake filimu ya ufiti yochipa imatigwira mtima

Aliyense amene anakulira pafupi ndi kanyumba koonetsera mavidiyo amaidziwa filimu yotere: magazi ooneka kuti ndi penti, mfiti youluka ngati cithunzi comata, kamvekedwe kokhala ngati ajambulira m'mgolo. Timaseka, koma potuluka palibe amene afuna kuyenda yekha. Mantha amenewa ali ndi mbiri, ndipo boma la Chama, dziko la Asenga m'cigwa ca Luangwa, lingatithandize kuimvetsa.

Chama ali pakati pa Malawi kum'mawa ndi dziko la Abemba kumadzulo. Ca m'ma 1930, gulu la amucape linacoka ku Nyasaland n'kufika kwa Abemba, kumene Audrey Richards analiona mu 1934. Anali anyamata ovala cizungu. Anali kufoletsa mudzi wonse, kuyang'ana munthu aliyense pa kagalasi, kumwetsa anthu mankhwala, ndi kuunjika nyanga poyera. Onani zida zawo: kagalasi, botolo ndi khamu la anthu amantha. Zinali zochipa, koma mudzi unali kunjenjemera.

Mu 1953 Alice Lenshina wa ku Chinsali anayamba kulalikira kuti anthu ataye zithumwa zawo. Chalichi cake ca Lumpa cinafalikira mpaka ku Lundazi ndi kwa Asenga. Mu 1964, Zambia itatsala pang'ono kulandira ufulu, mkangano wa Lumpa ndi UNIP komanso asilikali a boma unapha anthu mazanamazana.

Conco pamene mafilimu a ku Nigeria anafika, anapeza munda wolimalima kale. Living in Bondage ya 1992, imene Kenneth Nnebue anaitulutsa pa tepi ya VHS m'cilankhulo ca Igbo, ikamba za Andy, amene apereka mkazi wake Merit nsembe kuti alemere. Mzimu wa mkaziyo umulondola mpaka apenga, ndipo apulumukira m'pemphero. Palibe Mzambia anafunikira kumasuliridwa nkhani imeneyi. Matepi anasanduka ma CD, Africa Magic inatsegulidwa pa DStv mu 2003, ndipo lero zonse zili pa foni, ngakhale kumudzi kumene ochaja amadalira sola.

Cinsinsi cake n'cakuti woonera ndiye amabweretsa theka la filimu. Hollywood imawononga ndalama zambiri kupanga cilombo cimene sitinacionepo. Wojambula wosauka amangoika kulira kwa kadzidzi, njira yamdima ndi wacibale amene walemera mwadzidzidzi. Zotsalazo tinazimva kale kwa agogo pamoto. Cimatiopsa si nkhope yopakidwa ufa ai, koma funso lakale: kodi wondidya ndi wa m'nyumba mwanga momwe?

Apa m'pamene pali ngozi. End of the Wicked ya 1999, ya mlaliki Helen Ukpabio, inaonetsa ana ngati mfiti, ndipo anthu ambiri anaidzudzula kuti inalimbikitsa kuzunza ana ku Nigeria. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anatembenuza kamera mu 2017: mu I Am Not a Witch coopsa ndi khamu limene likuloza cala kamtsikana Shula. Filimuyi inapata mphoto ya BAFTA mu 2018.

Lamulo la Zambia la Witchcraft Act limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Onerani, kuwani, gwiranani manja mumdima. Koma mukapita kumudzi pa holide, kumbukirani kuti agogo ofiira maso aja akhala zaka zambiri akuphikira pa nkhuni.