Kodi beni ndi gule wathu kapena ndi wa asilikali a atsamunda?

FUNSO: Kwathu kuno timavina beni pa ukwati komanso anyamata akamatuluka ku ndagala. Koma ena amati ameneyu si gule wa Chiyao, n'kungotsanzira asilikali a azungu basi. Kodi beni anachokera kuti? Wowerenga wa ku Ntaja, Machinga.

YANKHO: Anthu amene amanena zimenezi sakunama pa zimene maso awo akuona. Zovala za khaki, mamendulo pachifuwa, wezulo pakamwa pa mtsogoleri, amuna kuguba pamzere n'kuima nganganga ngati ali pa perete, zonsezi n'zochokera ku usilikali. Pamene akuphonya ndi poganiza kuti chiyambi choterocho chimalanda gule umwini wake. Beni ndi wathu, ndipo mbiri yake yomweyo ndi imene ikuikira umboni.

Gule ameneyu sanabadwire ku Zomba monga ambiri amaganizira. Terence Ranger, katswiri wa mbiri yakale amene analemba buku lathunthu la beni mu 1975, anasonyeza kuti anayambira m'matauni a Aswahili m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, cha m'ma 1890. Kumeneko anthu anali kale ndi chizolowezi chogawikana m'magulu opikisana pa nyimbo, magule ndi madyerero. Ataona mabandi a asilikali a ku Ulaya, anatengako maguba, maudindo ndi malipenga n'kuziika mu mpikisano wawo wakalewo. Ku Mombasa kunali magulu a Kingi ndi Scotchi, ndipo m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, kunatchuka Marini ndi Arinoti. Imene inamwaza guleyu mpaka kuno ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland analowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo mitunda yosaneneka, ambiri n'kufera m'njira ndi njala komanso matenda. Ayao anali ochuluka m'gulu la King's African Rifles. Iwo analinso ndi ubale wakale ndi anthu a kugombe kudzera mu malonda a ku Kilwa ndi Chisilamu, choncho gule wa Aswahili sanali wachilendo kwenikweni m'makutu mwawo. Opulumuka pa nkhondoyo anabwera naye kumudzi, kwa Kawinga, kwa Liwonde, kwa Kalembo ndi ku Mangochi. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati ndi abale ake a bere limodzi.

Wotsutsa anganene kuti ngakhale zili choncho, munthu wovala khaki n'kumaguba akutamanda amene anamugonjetsa. Mawu amenewa ndi olemera, makamaka ku Machinga kumene Angelezi anathira nkhondo mfumu Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895. Koma taonani amene akulamula pabwalo la beni. Mfumu ya gule, akapitawo ndi asajeni onse ndi anthu a m'mudzi momwemo, osankhidwa ndi anzawo, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kukhala ofisala m'gulu lenileni la nkhondo. Ng'oma zake n'zachikopa, kayendedwe ka mapazi ndi mapewa n'kosapezeka pa perete aliyense wa ku London, amayi amavumira nyimbo m'Chiyao, ndipo nkhani zake n'za pamudzi: chikondi, ulesi, kuuma mtima kwa akuluakulu, kunyoza gulu la mudzi woyandikana nawo. Atsamunda eniwo sanauone ngati ulemu. Ambiri ankaukayikira, ndipo pa sitiraka ya ku migodi ya Copperbelt mu 1935, magulu a mbeni, monga ankatchulira beni kumeneko, anatchulidwa kuti ndiwo ankafalitsa mauthenga pakati pa ogwira ntchito. Boma silichita mantha ndi gule wongolitamanda.

Zoterezi si za kuno kokha. Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, m'timatauni ta ku Poland, Ukraine, Lithuania ndi Romania, anali ndi nyimbo zawo zotchedwa klezmer, zoimbidwa ndi timagulu toyendayenda, makamaka pa maukwati. Poyamba zida zazikulu zinali vayolini ndi chida cha nsambo zambiri chomenya ndi timitengo. Kuyambira mu 1827 boma la Russia linayamba kutenga anyamata a Chiyuda mokakamiza kupita ku usilikali, ndipo ena a iwo anaphunzira klarineti ndi malipenga m'mabandi a nkhondo. Pobwerera kwawo, zidazo zinalowa pa ukwati, mpaka klarineti inasanduka liwu lenileni la klezmer. Dave Tarras, mmodzi wa akatswiri ake, anatengedwa usilikali wa Russia mu 1915 asanasamukire ku New York mu 1921. Palibe amene amati klezmer si ya Ayuda chifukwa chakuti chida chake chinadzera m'manja mwa boma limene linkawazunza.

Kutsutsa kwina n'kwakuti gule wa zaka zongopitirira 100 sangatchedwe wa makolo. Muyeso umenewu ukanakhala woona, ndiye kuti tikanataya zambiri. Chimanga chinachokera ku America, koma nsima palibe amaitcha ya alendo. Ku Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978 n'kumaimba ndi gitala, chida chochokera kunja, ndipo lero dziko lonse limadziwa kamvekedwe kotchedwa ka ku Balaka, kamene Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius anakatchukitsa. Beni wadutsa kale mibadwo inayi kapena isanu. Mnyamata wa ku Nsanama kapena ku Ulongwe amene akumanga lamba wa khaki lero sanaphunzire kwa msilikali aliyense, anaphunzira kwa amalume ake, omwe nawonso anaonera agogo awo atabwerako ku nkhondo ya Ajeremani.