Mfuti Yopumira Kumbuyo

Agogo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Bindura. Mpaka lero, anyamata okumba golide ku Kitsiyatota akaphulitsa mwala, agogo amadzidzimuka n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, kulira kumeneko kukundikumbutsa mfuti ya anyamata a m'tchire."

Mfuti imene amanenayo ndi ya 75mm yochokera ku China, imene asilikali a ZANLA ankalowa nayo kudzera ku Mozambique. Mzinga wamba ukawomba umakankhira kumbuyo mwamphamvu, n'chifukwa chake umafuna matayala ndi chitsulo cholemera. Iyi inali yotseguka kumbuyo: chipolopolo chikamapita kutsogolo, moto ndi mpweya zimatulukira kumbuyo, mfuti osasuntha. Motero anthu ochepa ankatha kuisenza paphewa, kuiika pa miyendo itatu, kuwomba, n'kuthawa msanga, poti fumbi ndi utsi zinkaulula pomwe abisala.

Anaipangira akasinja, koma gulu lankhondo la Rhodesia linalibe akasinja oti n'kuwatchula mpaka 1979, pamene linalandira ma T-55 asanu ndi atatu kuchokera ku South Africa. Choncho mu nkhondo imene inakula kumpoto kuno kuyambira pa Altena Farm mu December 1972, mfutiyi inkalunjika pa misasa, magalimoto ndi nyumba za azungu m'mafamu.

Kuseri kwa nyumbazo kunali makomboni a antchito, ambiri a iwo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Agogo amati usiku woteroyo abale awo ankagona pansi pa bedi, osadziwa kuti chipolopolo chigwera kwa yani.