Kambalame kodziwika ndi dzina la Thyolo n'kotani?

FUNSO: Mwana wanga wa ku sekondale akuti m'mabuku a mbalame muli ina yotchulidwa dzina la boma lathu lino. Ine ndinabadwira konkuno koma sindinaionepo. Ndi yotani, nanga dzinalo linabwera bwanji? (Mayi wa ku Bvumbwe)

YANKHO: Mwanayo sakunama, mayi. Mbalameyo imalembedwa kuti Thyolo alethe, ndipo asayansi amaitcha Chamaetylas choloensis. Woyamba kuifotokoza m'mabuku a sayansi anali William Lutley Sclater, katswiri wa mbalame wa ku Britain, mu 1927. Masiku amenewo atsamunda ankalemba kuti Cholo, n'chifukwa chake dzina lasayansilo likadali ndi kalembedwe kakaleko.

Zoti simunaionepo zisakudabwitseni. Si mbalame yobwera pakhomo kudzatola madeya. Imakhala m'nkhalango zowirira za m'mapiri, momwe masamba sayoyoka chaka chonse, ndipo m'menemo imakonda pansi, pa mdima, pa masamba onyowa. Kukula kwake ikuyandikira pumbwa. Kumsana ndi yofiirira, pakhosi ndi yoyera mbee, pamimba yotuwira, miyendo yoyezuka, ndipo kunsonga kwa nthenga zam'mbali za mchira kuli timadontho toyera tomwe timaoneka ikamathawa. Kawirikawiri munthu amangomva kalikhweru kake kofatsa kuchokera m'ziyangoyango, mwini wake osaoneka.

FUNSO: Ndinamva kuti mbalame imeneyi imayenda ndi linthumbu. Ndiye kuti imadya linthumbulo? (Mphunzitsi wa ku Muloza)

YANKHO: Kuyenda nalo n'zoona, aphunzitsi, koma chomwe imatsata kwenikweni si linthumbulo. Taganizirani zomwe zimachitika linthumbu likalowa m'nyumba usiku. Anthu mumadzuka, mumathira phulusa lotentha pakhomo, ndipo mphemvu, akangaude ndi tina tonse tobisala m'ming'alu timatuluka piringupiringu. M'nkhalango n'chimodzimodzi. Gulu la linthumbu likamasesa pansi, tizilombo tomwe tinali phee pansi pa masamba timadzidzimuka n'kuthawa. Mbalameyi imatera pa kanthambi kam'munsi kutsogolo kwa gululo, maso ali pansi. Kachilombo kakangotulukira, iyo imatsika, kutola, n'kubwerera msanga pa nthambi linthumbu lisanaigwire miyendo. Ntchito yovumbulula imagwiridwa ndi ena, iyo n'kumangodya.

Pa phwando limeneli pamabweranso mbalame zina, ndipo pamakhala kulandana malo. Koma iyi njodalira linthumbu kuposa zambiri mwa zinzakezo, moti ofuna kuiona amayamba ndi kusaka pomwe linthumbu likudutsa. Apa mpomwe pagona vuto lake. Linthumbu limasaka bwino pa nthaka ya chinyezi ndi mthunzi. Mitengo ikuluikulu ikagwa, dzuwa n'kulowa, nthaka imauma, ndipo mbalameyi imasowa potolera chakudya ngakhale patatsala zitsamba.

FUNSO: Kodi imapezeka ku Thyolo kokha? (Wophunzira wa ku Luchenza)

YANKHO: Ayi, mwanawe. Imapezekanso m'phiri la Mulanje, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Ruo, ndi m'mapiri ena angapo a kum'mawa kwa Shire. Ku Mozambique ili m'mapiri a Namuli, Mabu ndi Chiperone, phiri lomwe lija linapatsa dzina kamvula ka chiperoni kotizizira mu June ndi July. Kumpoto, ku Nyika ndi ku Misuku, kuli m'bale wake wina, Chamaetylas fuelleborni. Akatswiri amati kalekale, nyengo ikakhala ya mvula yambiri, nkhalango zinkafalikira n'kulumikizana, ndipo kukauma zinkatsalira pamwamba pa mapiri pokha. Mbalame zotsekeredwa m'mapiri otalikirana zinayamba kusiyana pang'onopang'ono.

Ku Thyolo kwenikweniko zinthu sizili bwino. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, anthu akutsegula minda. Ine sindithamangira kuwaweruza, poti aliyense akudziwa kuti malo olima m'bomali ndi ochepa ndipo aakulu ali pansi pa tiyi. Chodabwitsa n'chakuti timagawo ta nkhalango tomwe tatsala, monga ta ku Satemwa, tili m'kati mwa maesiteti omwewo, ndipo n'komwe alendo okonda mbalame amapita kukaifuna.

Nkhani yabwinoko inachokera ku Mabu. Nkhalango ya kumeneko anthu oyandikana nayo ankaidziwa kuyambira kale, koma asayansi anaizindikira mu 2005 poyang'ana zithunzi za Google Earth. Gulu lotsogozedwa ndi a Kew Gardens a ku London litakafufuza mu 2008, linapeza kuti mbalameyi iliko yambiri ndithu.