Kafukufuku wa Kayendetsedwe ka Ntchito ku Indiana

Kafukufuku wa kayendetsedwe ka ntchito ndi nthambi ya masamu yothandiza kusankha njira yabwino koposa pamene nthawi, ndalama, magalimoto kapena antchito n'zoperewera. Anayambira ku Britain nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayandikira, ndipo anakula kwambiri George Dantzig atatulukira njira ya simplex mu 1947.

Ku Indianapolis, likulu la chigawo cha Indiana ku America, kumakumana misewu ikuluikulu ya I-65, I-69, I-70 ndi I-74. Pabwalo la ndege la mzindawu pali malo osankhira katundu a kampani yonyamula katundu ya FedEx, achiwiri kukula pambuyo pa a ku Memphis. Usiku ndege zimatera motsatizana, katundu n'kumayenda pa malamba, kenako amakwezedwa m'ndege zina kusanache. Masamuwa amathandiza kukonza ndandanda ya ndege ndi ya antchito. Mu 2022 bungwe la akatswiri a kafukufukuyu, INFORMS, linachitira msonkhano wake wapachaka mumzindawu.

Ku Indiana komweko, pafupi ndi mzinda wa South Bend, pali yunivesite ya Notre Dame, yomwe inakhazikitsidwa mu 1842. Sukulu yake ya zamalonda, Mendoza, imaphunzitsa kusanthula ziwerengero ndi kayendetsedwe ka katundu. Luso limeneli n'lofunikanso pogawa feteleza ndi mankhwala ku Malawi.